Nkhope ya Pawindo la Situdiyo

Telala anayamba kuona za manja. M'mawa umenewo ankasesa pakhonde la shopu yake, ndipo atafika polekezera, pamene khonde lake limakumana ndi la situdiyo yojambulira zithunzi, anadzutsa mutu kuti aone mayi ake. Anali pomwepo pa TV yaikulu ya pawindo, ataima kutsogolo kwa khoma la njerwa, mpango kumutu, nkhope yosaseka, monga analili dzulo lake. Koma manja anali oyera. Mayi amene anagulitsa makala moyo wawo wonse, amene anakalowa m'manda mizere yakuda idakali m'zikhatho, anali ndi zala zosalala ndi zikhadabo zonyezimira. Telala anayedzeka tsache kukhoma n'kusendera pafupi mpaka mpweya wake unachita nthunzi pagalasi. Apo m'pamene anaona kuti mphuno nayonso yaonda pang'ono.

Mayiwo anamwalira Telala ali mtsikana, mchimwene wake ali kupulaimale, mng'ono wake wamzime asanaleke n'kuyamwa komwe. Nkhope yawo inatsala pa kachithunzi kamodzi kokha, kochepera chikhatho, kothyoka pakati, kokhala ndi banga la madzi pakona. Zaka zonsezi Telala ankakasunga m'kadilowa ka makina ake osokera, atakakulunga m'kansalu koyera pambali pa masingano, ndipo akafuna kukumbukira mayi ake ankangokoka kadilowako. Mchimwene wake atamaliza kumanga nyumba ya matailosi n'kunena kuti pabalaza pakufunika chithunzi chachikulu cha amayi, Telala anakana. Anamunyengerera onse. Mpaka bambo awo okalamba, amene tsopano ankakhala kwa mchimweneyo, anamufunsa kuti, "Kodi mwanawe, mayi akowo ndi ako wekha?" Anapereka, koma ananenetsa kuti pachotsedwe mzere wothyokawo ndi banga la madzi, chithunzi chikulitsidwe, basi.

Mwini situdiyoyo tonse a pamdadada wa mashopuwo tinkamutcha Kamodzinso, chifukwa sanajambulepo munthu n'kukhutira. Umwetulire mpaka masaya kuwawa, iye ankangoti, "Kamodzinso." Chaka chimenecho anali atapeza pulogalamu ya pakompyuta ya nzeru zochita kupanga, ija anthu akungoti AI. Umailowetsera chithunzi n'kuilembera zimene ukufuna, iyo n'kukubwezera chithunzi chokonzedwa. Chiipezereni, Kamodzinso ankayenda mapewa m'mwamba. Ntchito iliyonse imene anali nayo mkati inkaonekera pa TV ya pawindo usana ndi usiku, kuti ikope makasitomala. Iye mwini ankalowera khomo lakuseri n'kukhala chofulatira windolo tsiku lonse, kotero zimene anthu odutsa ankaona iye sankaziona.

Tsiku la manja oyera aja, Kamodzinso asanavule n'chipewa chomwe, Telala anamugwira mkono wa malaya n'kumutulutsira pakhonde.

"Aneba, amayi mwawatani?"

"Bwanji kodi, aTelala?"

"Manja awo. Ndi mphunoyo. Tinagwirizana chiyani ine ndi inu?"

Kamodzinso anayang'ana manja aja mwachangu n'kuthawitsa maso. Koma pamphuno anachedwapo, ndipo kudabwa kwake pamenepo sikunali kochita kupanga.

"Nkhope sindinayikhudze ine, ndikulumbira. Mwina ndi kuwala kwa TV."

"Kuwala kumasambitsa anthu m'manja masiku ano?"

"Pulogalamuyi nthawi zina imaonjeza zakezake. Ndikonza. Kapena ndiyambe ndachichotsa pawindopa?"

"Musayerekeze! Chikhale pomwepa, ndizichiona ndi maso angawa. Ndipo mundibwezere kachithunzi kanga."

"Kali bwinobwino m'kabati. Kungoti kiyi ndamuiwala kunyumba. Mawa."

Mawa lake kiyi anali m'thalauza lina. Mkuja lake kabati inali itachita dzimbiri pa loko. Telala ankangotsonya n'kubwerera pa makina, chifukwa inali nyengo yotsegulira sukulu ndipo mayunifolomu anali atamuunjikira mpaka pawindo.

Iye ankagona m'kachipinda kuseri kwa shopu yake. Khoma lolekanitsa mbali yake ndi situdiyo silinafike kudenga. Pamwamba panatsala mpata wokwana mutu wa munthu, ndipo kukada, kuwala kobiriwira kwa kompyuta ya Kamodzinso kunkadutsira pamenepo n'kumaonekera pa malata. Madzulo ena, mashopu onse atatseka, Telala anaimitsa makina kuti alowetse ulusi m'singano. Mumsewu munali zii. Malata ankathetheka pozizira, ndipo patali galu ankauwa mwaulesi. Kenako, kuseri kwa khomalo, anamva kulira.

Sikunali kulira kwa munthu womenyedwa. Kunali kwapansipansi, kwa mkazi amene watseka pakamwa ndi nsalu, kumaleka, kumayambanso. Pakati pa kulirako pankamveka kunong'ona, mawu osagwirika, ndi mabatani a kompyuta akulira kamodzikamodzi. Kuwala kwa padenga kunazima, kunayakanso, kunasintha mtundu. Telala anakhala ulusi uli kukamwa, thupi lonse litachita tsembwe. Patapita nthawi khomo lakuseri linalira pang'onopang'ono, mapazi opepuka anadutsa m'kanjira, ndipo kunakhalanso chete.

Kutacha, amayi a pawindo ankamwetulira.

Telala sanawaonepo mayi ake akumwetulira chonchija. Iwo akaseka ankaphimba kukamwa ndi dzanja, chifukwa mano awo akutsogolo anali ndi mpata waukulu ndipo ankachita nawo manyazi. Awa a pawindo anali ndi mano oyera mbee, ofanana, ondandalikana bwino. Masaya anali atadzaza. Chibwano, chimene dzulo chinali chachitali ngati cha Telala yemwe, chinali chitabulungira.

"Usiku kunali ndani muno?" anafunsa ataima pakhomo la situdiyo, tepi ili m'khosi.

"Ndani winanso? Ndinali ndekha, ndimamaliza za ukwati wa eni ake."

"Ndiye amalira uja ndinu?"

"Mwina inali filimu. Ndimaika filimu ndikamagwira ntchito." Anakanda pamutu, anatuluka, anayang'ana pawindo, ndipo nkhope yake inagwa. "Koma chibwanochi ayi. Za chibwanochi pulogalamuyo sindinaiuze ine."

"Nanga mwaiuza chiyani?"

"Palibe, aTelala. Ndikonza lero lomwe."

Anakonzadi, ngati kumeneko n'kukonza. Madzulo amenewo Telala anamva mabatani akulira mpaka anagona, ndi Kamodzinso akudziyankhulira yekha motukwana. M'mawa chibwano chinali chitatalikanso, koma sichinali chija. Chinali cha munthu wina, ndipo maso anali atatalikirana.

Nkhani inawanda. Wometa wa pakona ankauza aliyense wokhala pampando wake kuti malemuwo akukana kupachikidwa m'nyumba ya mpongozi amene sanamuonepo. Amayi ogulitsa masamba ankati ayi, mzimu ukasowa mtendere umasintha nkhope mpaka upeze yoti ukhalemo, ndipo ankadutsa pawindopo ataphimba ana awo kumaso. Mlonda wa usiku analumbira kuti anaona mayi wa pa TV akuphethira, ndipo kuyambira pamenepo ankalondera mashopu athu ali tsidya lina la msewu. Anthu ankachoka kutali kudzaima pakhonde, kuloza, kujambula ndi mafoni, ena akudya chimanga chootcha ngati ali pa mpira. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti kuseri kwa khomo linalo kuli mwana wa mayiyo, akuponda makina misozi ili m'maso. Ndipo Kamodzinso, ngakhale mantha ankamugwira, sanadandaule ndi khamulo, pakuti ena mwa oonererawo ankalowa kukajambulitsa.

Telala anaimbira foni mchimwene wake.

"Achimwene, amayi akusintha."

"Asisi, inunso mwayamba za anthu osaphunzira? Ndi kompyuta imeneyo. Musiyeni katswiri agwire ntchito."

"Mwachiona chithunzicho?"

"Ndili pa miting'i. Tiyankhulana."

Anaimbira mng'ono wake. Uyo anangoti, "Kodi si zabwino kuti akuseka?" Kenako anati mwana akulira, n'kudula.

Ndiye Telala anatsala yekha ndi windolo. M'mawa uliwonse, asanasambe n'kumaso komwe, ankatuluka n'kukaima pamaso pa mayi uja, kumuyang'ana kuyambira pachipumi mpaka kuphazi, kufufuza chimene chabedwa usikuwo. Masana ankasiya nsalu pa makina n'kukayang'ananso. Madzulo ankayang'ana komaliza, mano ali gwa, kuti aloweze chilichonse n'cholinga choti mawa asanamizidwe. Palibe munthu amene anaiyang'anapo nkhope ya mnzake mwakhama chotero.

Ndipo usiku uliwonse kunkabedwa kanthu. Tsiku lina anamva mawu a mwamuna, olemera, onong'ona molamula, ndi fungo la perefyumu wodula likudutsa pamwamba pa khoma. Kutacha, mapazi a amayi, amene anali opanda nsapato, anali m'nsapato za gogoda, diresi lawo lofwifwa linali suti yabuluu, ndipo khoma la njerwa linali litasanduka makatani. Tsiku lina kulira kuja kunabweranso, ndipo kutacha mpango unali utachoka, pamutu pali tsitsi lowongoledwa logwera m'mapewa. Khungu linkayererayerera. Khosi linatalika. Masiku ena kunalibe mawu alionse, mabatani okhaokha, koma m'mawa nkhopeyo inkakhala itasunthabe pang'ono, ngati munthu amene akukuchokera chobwerera m'mbuyo uku akukuyang'ana.

Chinatsala chimodzi. Pamwamba pa nsidze panali chipsera, chachifupi, chokhota, ndipo pulogalamuyo, kaya chifukwa chiyani, inkachikopera ulendo uliwonse. Telala ankachidziwa bwino chipseracho. Anali pomwepo, atabisala kuseri kwa thumba la makala, tsiku limene bambo ake anabwera ataledzera n'kuwagenda amayi ndi loko wa chitseko. Ndi iye amene anagwira beseni pamene amayi ankatsuka magazi. M'banjamo nkhaniyo sinkatchulidwa, ndipo ang'ono akewo ankadziwa kuti amayi anagwa pa njinga. Tsopano Telala akaima pawindo, maso ake ankathamangira pachipserapo, ndipo akachipeza ankapuma. Bola chilipo, ankadziuza, ndiye kuti amayi adakali m'menemo.

Madzulo a tsiku limene zinaululika kunagwa mvula yowaza, ndipo anthu anabalalika msanga. Telala anali atazimitsa getsi kuti apumitse maso, atakhala mumdima pakati pa milu ya mayunifolomu. Madontho ankagwa kuchokera pa malata n'kumalira m'chitini chimene chinali panja. Kenako, pakati pa madonthowo, anamva kulira kwina. Go. Kachetechete. Kukhwekhwereza kwa phazi. Go. Chinthucho chinkabwera m'kanjira kakuseri, mosafulumira, chikupuma movutikira. Chinadutsa pakhomo pake, chinaima, ndipo Telala anamva mpweya wake kuseri kwa thabwa. Kulira kumeneko ankakudziwa, koma mantha anamutseka mutu moti sanathe kukumbukira kumene anakumva. Go. Chinapitirira. Khomo la situdiyo linatseguka lokha, munthu asanagogode.

Padenga panayaka kuwala kobiriwira kuja. Kunong'ona kunayamba.

Mantha akafika pena pake amasanduka ukali. Telala anavula masilipasi, anakankhira nsalu pambali, anakwera pa tebulo lodulira, n'kuponda pa mpando umene anauika pamwamba pake. Anagwira njerwa zapamwamba, zafumbi ndi ndowe za makoswe, n'kusuzumira.

Kamodzinso anali pa kompyuta, msana utapindika. Pambali pake, pa benchi ya makasitomala, panakhala nkhalamba ya jekete lonyowa, manja onse awiri atatsamira pa ndodo. Chala chake chinanyamuka n'kukagunda pa galasi la kompyuta, pamwamba pa nsidze.

"Aka," anatero bambo ake a Telala. "Kachotse aka. Ndipo mwana uja asadziwe."

Mmene anatsikira pa tebulopo, Telala sakumbuka. Anazungulira kuseri wopanda nsapato, m'matope, n'kukankha chitseko mpaka chinakamenya khoma. Anachedwa. Kamodzinso anali atadina kale, ndipo pa kompyuta kachizindikiro kankazungulira. Onse atatu anangoyang'ana. Chithunzi chinatuluka pang'onopang'ono kuyambira pamwamba: tsitsi, chipumi chosalala ngati cha khanda, nsidze zopyapyala, maso ena atsopano.

"Ndiye mzukwa wake ndi umenewu," anatero Telala. Mawu ake anali otsika moti Kamodzinso anadzuka pampando n'kukaima kuseri kwa mpandowo. "Bambo, mvula yonseyi, ndi miyendo yanuyo?"

Nkhalambayo inkayang'ana pansi, pa kadziwe kamene kankachokera ku ndodo yake.

"Ndipo inu aneba, muyankhule. Zonse. Mukasiyako kamodzi, kompyuta iyi ndiitulutsira pawindo."

Kamodzinso anayankhula, mothamanga, ngati mwana wogwidwa dzanja lili m'shuga. Woyamba kubwera anali achimwene a Telala, tsiku lomwelo chithunzi chinafika. Anati alendo awo ndi anthu aulemu, sangamaone manja amakala pabalaza. Anabweranso za nsapato ndi suti. Wolira uja anali mng'ono wake wa Telala. Anakhala pa benchi yomweyo n'kunena kuti sanawaonepo mayi ake akumusekerera, ndiye awasekereko kamodzi kokha, ndipo ulendo wina anapempha kuti aone tsitsi lawo. Aliyense ankabwera kutada, aliyense ankapempha kanthu kamodzi kakang'ono, ndipo aliyense potuluka ankati asisi asamve, ndi ovuta.

"Koma nkhope palibe anaipempha, aTelala, ndi ine sindinailembe. Chinthuchi ukachiuza kuti chotsa mpango, sichichotsa mpango wokha ayi. Chimajambula munthu yense kachiwiri, mongofanizira. Kusiyana kwake kumakhala kochepa, sungakuone. Ndiye mawa ndimatenga chomwecho n'kuchilowetsanso, icho n'kufaniziranso. Mutadandaula ndinayesa kuchiuza kuti bweza mphuno ija, koma mphuno ijayo sichikuidziwa. Chimangopereka ina."

"Ndiye bwanji simunayambirenso pa choyamba chija?"

Kamodzinso ananyambita milomo.

"Kompyutayi ndi yodzaza. Ndikasunga chatsopano, ndimasungira pamwamba pa chakale. Ndi mmene ndimachitira ndi zithunzi zonse, palibe anadandaulapo."

"M'pulogalamumo mulibe?"

"Ndimagwiritsa ntchito yaulere. Ikanditsekera ndimafufuta zonse n'kulembetsanso ndi dzina lina."

Taonani munthu amene tinkamutcha katswiri. Chinthu chimene mayi wina anachisunga m'nsalu kuyambira ali mtsikana, iye anachipondereza ndi chala chimodzi kuti apeze malo osungira zithunzi za maphwando. Telala anatseka maso, anapuma, n'kutambasula dzanja.

"Chabwino. Zanu zonsezi fufutani. Ndipatseni kachithunzi kanga, ndizipita."

Kamodzinso sanayang'ane kabati. Anayang'ana nkhalamba ija.

"Anabwera tsiku lachiwiri," anatero motsitsa. "Anati ndi mkazi wawo, akufuna akagone nako usiku umodzi. Ndikanawakaniza bwanji munthu wamkulu?"

Telala anatembenuka. Bambo ake anapisa dzanja m'thumba la mkati mwa jekete, anatulutsa kansalu koyera kaja, n'kukaika pa benchi, osati m'dzanja la mwana wawo. Telala anakafunyulula pansi pa kuwala kwa kompyuta.

Khoma la njerwa linalipo. Diresi lofwifwa linalipo, ndi mapazi, ndi manja akuda aja. Koma pamene panali nkhope panali pepala loyera, lokalikakalika, lobooka pakati. Munthu anayamba kupala pamwamba pa nsidze ndi lezala, mosamala, ndipo utoto utayamba kusupuka anayesa kusalaza m'mbali, n'kusalazanso, mpaka diso linapita, mphuno inapita, pakamwa panatsala theka.

"Ndimafuna kakhale bwino," inatero nkhalambayo. "Pabalaza pamafika anthu. Adzukulu amafunsa."

"Amafunsa," anatero Telala. "Ndiye munaona kuti kuyankha n'kovuta, bola kuwapala amayi ndi lezala. Loko uja sanakukwanireni?"

"Usandiyankhule choncho, ndine bambo ako."

"Ndikudziwa. Ndinalipo."

Mvula inali italimba, ndipo madzi ankalowa pansi pa chitseko. Telala anaima atagwira kapepalako, osalira. Anawatchula onse mmodzimmodzi, mchimwene wake wochita manyazi ndi manja amene anamulipirira sukulu, mng'ono wake, bambo ake, Kamodzinso, ndipo mawu amene anatuluka m'kamwa mwake madzulo amenewo sindingawalembe pano. Wometa, amene anali atabisala mvula pakhonde, akuti anamva zonse ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanakauze munthu.

Atatopa, m'chipindamo munangotsala kulira kwa mvula. Kamodzinso anakoka mpando mwamantha n'kuusendeza kwa iye.

"ATelala, njira ilipo. Thupi lili pa kapepalaka, ndilijambulanso. Nkhope yokha ndiyo tiiuze ndi mawu. Inu mukuwadziwa amayi kuposa wina aliyense. Muzinena, ine ndizilemba, mpaka ifanane. Ulendo uno ndisunga chilichonse pachokha, ndikulonjeza."

Telala anakhala pampandopo. Anapukuta matope a kumapazi ndi chidutswa cha nyuzipepala, anaika kapepala kaja pamwendo, n'kuwongola msana.

"Lembani."

"Tiyambe ndi maso. Anali otani?"

Telala anatsegula pakamwa. Anatseka maso kuti awaone bwino, monga ankachitira kale akamasoka, pamene nkhope ya mayi ake inkabwera yokha osaiitana. Inabweradi nkhope, msangamsanga, yowala, yooneka mbali zonse. Inali ndi tsitsi logwera m'mapewa ndi mano ondandalikana. Anapukusa mutu n'kuyesanso. Anakumbuka thumba la makala, fungo la utsi m'diresi, dzanja lokhakhala likumupukuta mamina, mawu akumuitana kuti abwere adzaphule madzi. Zonsezo zinalipo. Koma atakweza maso a mumtima kuti aone mwini dzanjalo, pakhosi pa diresi lofwifwalo panali mutu wa mayi wa pawindo, akumwetulira.

Masiku onse aja anaima pagalasi kuloweza nkhope ya mlendo, chipumi mpaka chibwano, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo inalowadi.

"Anali aakulu?" Kamodzinso anafunsa, zala zili pamwamba pa mabatani. "Kapena aang'ono?"

"Dikirani."

"Olowa mkati?"

"Ndati dikirani!"

Anatembenukira ku benchi. Zinamuwawa ngati kumeza singano, koma m'dziko lonse munatsala munthu mmodzi yekha amene anaiyang'anapo nkhopeyo ali wamkulu, zaka ndi zaka, pafupi.

"Bambo," anatero. "Zonse ndazisiya. Sindidzazitchulanso. Ingowauzani aneba mmene amayi analili. Maso okha."

Nkhalambayo inadzutsa mutu. Inayang'ana pa kompyuta, pa mkazi wa chipumi chosalala, wosekerera, amene sanamenyedwepo ndi munthu. Inamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo Telala anaona mapewa a bambo ake akutsika pang'onopang'ono, nkhope ikumasuka.

"Ndi yemweyu," anatero bambowo. "Anali chonchi."